Chiwongolero cha a Lameki

Kachebere, Mchinji
14 Juni 1998

Wokondedwa mwana wanga Stefano,

Choyamba ndifuna kumva za moyo wako ku Joniko. Kuno tilipo, ine ndi mlongo wako Felista, kungoti chisanu cha chaka chino chalowa m'mafupa. Chimanga takolola, nkhokwe sinadzaze koma tidya mpaka Febuluwale. Felista akuphunzitsabe ana a sitandade 2 pansi pa mtengo paja.

Chimene ndakulemberera ndi kathirakitala. Ukudziwa kuti kofiira kaja ndakhala nako zaka makumi atatu: zaka 25 ndikulimira a Bulazala m'dimba la ku mishoni, ndi zisanu izi chindipatsireni pamene ankabwerera kwawo. Sikanandichititsepo manyazi. Koma Lachiwiri lapitali kandigwetsera m'ngalande.

Ndinanyamula matumba khumi a mtedza wa a Goliati, anansi athu, kupita nawo ku Boma. Nditangodutsa pa mlatho ndinaona kakulowera kumanzere. Ndikuti ndikabweze, chiwongolero osandimvera. Ngolo inapendekeka, matumba awiri anaphulika, ndipo amayi opita kumsika anandithandiza kutola mtedza m'fumbi uku akundipepesa ngati ndaferedwa. Sindinavulale.

Ndatsegula bokosi la chiwongolero. Mkati muli chitsulo chopota ngati chigoba cha nkhono, chimene chimalumana ndi giya ya mano asanu ndi awiri. Manowo adyeka, atsala ngati a nkhalamba. Kefasi, makaniko wa ku boda uja, wafunsa m'mashopu a ku Lilongwe, akuti zoterezi anasiya kuitanitsa kalekale. Ndiye ndati kwanuko, kumene azungu sataya chitsulo, chingapezeke.

Mu envulopumu ndaikamo tizingwe tiwiri. Katali ndi utali wa chitsulo chopotacho, kakafupi ndi kuzungulira kwake. Nambala za pa injini ndakopera kuseri kwa pepalali. Chaka chino usanditumizire bulangete kapena wailesi. Ndifuna chitsulo chimenechi ndi giya yake mvula isanagwe, chifukwa mabanja asanu ndi limodzi amadalira ine kuwalimira minda ndi kuwatutira manyowa.

Ukhululuke kalembedwe, bolopeni iyi ikuterera m'manja.

Ndine bambo wako,
Lameki Chimphepo


Benoni, Joni
20 Julayi 1998

Okondedwa Bambo,

Kalata yanu ndinailandira itayenda milungu itatu. Ndathokoza Mulungu kuti simunavulale. Ine ndili bwino. Ntchito ndi yomwe ija yotchetcha kapinga m'nyumba za azungu, ngakhale nyengo ino kapingayo wauma ndi chisanu, tikungosesa masamba.

Tizingwe tanu ndikuyenda nato m'thumba la malaya. Ndafika m'mashopu anayi. Pa shopu yoyamba wogulitsa analowetsa nambala zija mu kompyuta n'kunena kuti makina otere kulibe. Ndinamuuza kuti alipo, ine ndinakulira pa ngolo yake, ndipo bambo anga ankandikhazika pamiyendo n'kumandiuza kuti chiwongolero sachigwira ngati khosi la nkhuku. Anangoseka. Pa shopu yachitatu mzungu wina wachikulire anavula magalasi, anati kampani imene inkapanga timathirakitala timeneti inatsekedwa iye akadali pasukulu. Koma anandilembera dzina la mlimi wina kunja kwa tauni, amene amaunjika zitsulo zakale kuseri kwa khola. Ndidzapitako Lamlungu limene abwana adzandipatse mpata. Ulendo wake ngofunika kusamala, chifukwa apolisi amaimitsa minibasi kufunsa mapepala, ndipo inu mukudziwa mmene ndinalowera dziko lino.

Musadandaule, Bambo. Ngati chitsulocho chili pansi pa thambo la Joni, ndichipeza. Mundiperekere moni kwa Felista, mumuuze andilembere, wakhala chete nthawi yaitali.

Ine mwana wanu,
Stefano


Kachebere
3 Ogasiti 1998

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino. Ine ndilipo, koma mtima suli m'malo. Kalata iyi ndikulembera mu ofesi ya sukulu, Bambo sakudziwa. Poyankha mulembe bokosi la sukulu, osati la ku mishoni kumene amakatenga okha makalata.

Achimwene, chimene chawonongeka si chiwongolero chokha.

Mwezi wa Meyi, m'mawa wina Bambo akumwa tiyi, kapu inagwa m'manja mwawo. Anaiyang'ana pansipo ngati wina wawaphumitsa. Pakamwa panapotoka pang'ono, mawu ankatuluka olemera, koma pofika madzulo anali bwino ndipo anati ndi mphepo chabe. Kuyambira tsiku limenelo dzanja lamanja silikugwira bwino. Batani la malaya amalimbana nalo mpaka thukuta. Khasu limawapulumuka. Mwaona nokha mmene zilembo zawo zikutsetserekera pa pepala, iwo akuti ndi bolopeni. Ndawagulira mabolopeni atatu.

Ndinawanyengerera kuti andiperekeze kuchipatala ponama kuti ndikudwala ndine. A dokotala atawayeza anati magazi akuthamanga kwambiri, ndipo chinawagwira chija ndi sitiroko yaing'ono, ikhoza kubweranso yaikulu. Anawaletsa ntchito yolemetsa, ndi kuyendetsa komwe. Potuluka Bambo anandiuza kuti, "Munthu amene sanagwirepo sipanala angadziwe chiyani za dzanja la mnzake?" Mankhwala amamwa ndikaima pomwepo.

Ndinapita kwa a Kefasi kukafunsa zoona zake. Poyamba ankazemba, kenako anati, "Aphunzitsi, mano aja adyekadi, chiwongolero chili ndi mpata. Koma mpata umenewo wakhalapo zaka zitatu, ndipo madala amayenda nawo bwinobwino. Munthu wa manja awiri sangagwere m'ngalande ija."

Ndiye pempho langa ndi ili, mundikhululukire. Chitsulocho musachipeze. Mukachipeza musatumize. Panopa bokosi lija analimasula, zitsulo zili pa chiguduli pakhonde, amazitsuka ndi parafini tsiku ndi tsiku n'kuziyala mwadongosolo, zazikulu uku zazing'ono uku. Malinga zili pa chiguduli, Bambo ali pansi. Tsiku limene kathirakitala kadzayende adzakwera, ndipo msewu wa ku Boma mukuudziwa mmene malole ochokera ku Zambia amathamangira.

Ndayesa kuwauza maso ndi maso, ndalephera. Munthu amene mudzi wonse umamutcha adalaivala, ndimuuze bwanji kuti basi?

Ine mlongo wanu,
Felista


Benoni
30 Ogasiti 1998

Mlongo wanga Felista,

Moni. Kalata yako yachedwa ndi masiku anayi okha. Chitsulo ndinachipeza kale.

Lamlungu lapitalo ndinafika kwa mlimi uja. Kuseri kwa khola kunali kathirakitala konga kathu, kopanda matayala, nkhuku zikuikira pa mpando. Mwini wake anandibwereka masipanala n'kumandionerera atakhala pa ndowa. Ndinagwada m'udzu, ndinamasula ndekha bokosilo, ndinayeza ndi tizingwe ta Bambo: ndendende. Mano onse asanu ndi awiri ndi akuthwa. Pobwerera mu minibasi ndinachikumbatira ngati khanda, ndikuiona kale nkhope ya Bambo akumasula phukusi.

Tsopano chili pansi pa bedi langa, chokulunga mu nyuzipepala.

Ndamva zimene wanena ndipo sindikutsutsa. Iwe ndiye uli nawo pafupi, ine ndimangoona zilembo. Ndinatenganso kalata yawo ija n'kuiyang'anitsitsa, ndipo ndachita manyazi kuti sindinazindikire. Bambo ankalemba ngati kalaliki wa ku khoti.

Ndikanakhala munthu wa mapepala ndikanakwera basi mawa, tidzawauze tili awiri. Koma ndikatuluka dziko lino, kulowanso ndi mwayi, ndipo ntchito sadzandisungira. Nanga mankhwala awo ndi feteleza zidzachokera kuti? Ndiye ndikhala konkuno ndizinama. Ndiwalembera kuti ndikufunafunabe.

Uziwachepetsera mchere m'ndiwo, anzanga akuti zimathandiza.

Mlongo wako,
Stefano


Kachebere
28 Sepitembala 1998

Stefano mwana wanga,

Moni. Kuno kwatentha, mitengo ya m'phiri yaphuka masamba ofiira. Tilipo.

Kalata yako ya mwezi uno ndalandira, mizere isanu, nkhani yake imodzi: ndikufunafunabe. Miyezi itatu tsopano. Joni ndi wamkulu, ndikudziwa. Koma mlimi uja unati uli ndi dzina lake, anasamuka kodi? Sunamutchulenso.

Anthu ayamba kufunsa. A Goliati anabwera dzulo, anakhala pakhonde, anayang'ana zitsulo pa chiguduli, anati, "Adalaivala, tidikire kapena tikapemphe ng'ombe kutsidya?" Ndinati dikirani, mwana wanga ali pa ntchito. A Veronica, amayi amasiye aja, munda wawo ndi wa dongo louma, khasu limangodumpha. Chaka chilichonse ndimawalimira ulere. Akandiona ku tchalitchi amangondipatsa moni wautali.

Ine sindinakhale chabe. Mabering'i ndatsuka. Ndodo zopita ku matayala ndawongola ndi nyundo. Chiwongolero chenichenicho chinali chitang'aluka, ndachikulunga ndi mphira wa chubu cha njinga, chikugwirika ngati chatsopano. Girizi ndagula. Chatsala ndi chako chokha.

Ngati ndalama yavuta, nena, ndigulitsa mbuzi. Ngati wapeza mkazi kumeneko ndipo mutu uli kwina, nenanso, si mlandu, msinkhu wakwana. Koma ngati ukuona kuti nkhalamba ikungosewera ndi zitsulo zakutha, kumbukira kuti zitsulo zimenezi ndizo zinakufikitsa fomu 2. Kathirakitala kameneka kananyamula amayi ako kupita kuchipatala, kanawanyamulanso kupita kumanda. Sindingakasiye kafere pa njerwa nkhuku zikukwerapo.

Mitambo ikayamba kusonkhana mbali ya ku Chipata, nthawi idzakhala yatha. Ndiyankhe zomveka.

Bambo wako,
Lameki


Benoni
20 Okutobala 1998

Felista,

Ndikulemba mothamanga. A Zakeyu a ku Kamwendo, amene timagona nawo nyumba imodzi, akunyamuka mawa kupita ku maliro kumudzi, ndipo avomera kukusiyira kalatayi. Ndawauza kawiri kuti apereke m'manja mwako. Ndawapatsanso shuga ndi nsapato zako.

Kalata ya Bambo yandidwalitsa. Akuti mwina ndapeza mkazi. Akuti kananyamula Amayi kupita kumanda. Ine ndikuwerenga zimenezi chitsulo chawo chili pansi pa bedi lomwe ndakhalapo, miyezi iwiri tsopano. Dzulo ndinachitulutsa, ndinachipaka mafuta kuti chisachite dzimbiri, ndinachibwezeranso. Tidzawanamiza mpaka liti? Mvula ikagwa adzati mwana wanga wandichititsa manyazi pamaso pa mudzi, ndipo adzakhala akunena zoona.

Komabe usaope, sinditumiza. Dzanja lija likadali chomwecho, eti? Ngati a dokotala anati asayendetsenso, asayendetsenso. Bola adane nane ali moyo. Undiuze ngati pali kusintha, ndipo uwapemphe a Kefasi asawathandize kupeza njira ina.

Stefano


Kachebere
2 Novembala 1998

Stefano,

A Zakeyu anafika Lachisanu, Felista ali kusukulu. Anali ndi changu, anasiya shuga, nsapato ndi kalata. Pa envulopu panali dzina la mlongo wako, koma nditaona kalembedwe kako ndinati mwina muli nkhani ya chitsulo. Ndinatsegula. Munalidi nkhani ya chitsulo.

Sindikukalipa. Ndingofunsa. Pamene ndinkauza a Goliati kuti mwana wanga ali pa ntchito, iwe unali utachikhalira? Pamene ndinkayenda wapansi Lolemba lililonse kupita ku mishoni kukafunsa ngati kwabwera phukusi, mlongo wako ankandiperekeza mpaka pa msewu akudziwa?

Mwakhala awiri, mwaweruza mlandu wanga, mwandipeza wotha ntchito, osandiitana pabwalo. Ngakhale wakuba amayamba amufunsa. Dzanja ndi langa, ndikulidziwa kuposa dokotala, kuposa Kefasi, kuposa inu. Limachita dzanzi m'mawa, dzuwa likakwera limamasuka.

Chitsulocho khala nacho. Wagula ndi thukuta lako, ndi chako. Ku Chipata kuli munthu wa makina opala zitsulo, amadzaza mano odyeka powotcherera n'kuwapalanso. Mbuzi ziwiri zapita kale. Kefasi anakana kundiperekeza, kenako anavomera nditamukumbutsa amene anamuphunzitsa kugwira sipanala.

Felista sindinamulankhule. Akuphika, ndikudya.

Lameki Chimphepo


Benoni
21 Novembala 1998

Okondedwa Bambo,

Ndagwada pansi. Ndalakwa, ndipo Felista musamuimbe mlandu yekha, tinapangana. Sitinachite chifukwa chokupeputsani. Tinachita mantha. Amayi anapita ine ndili kuno, sindinaponyeko ndi dothi lomwe. Sindinafune kulandiranso uthenga wotero chifukwa cha chitsulo chotumiza ine.

Chitsulocho ndachipereka lero kwa kondakitala wa basi ya ku Lilongwe. Akachisiya kwa msuweni wa a Zakeyu amene amagulitsa pa depoti, ndipo iye adzapeza wobwera nacho. Za ku Chipata zisiyeni, mano owotcherera sakhalitsa.

Ndikupempha chimodzi. Kathirakitala kakakonzedwa, ayambe kuyendetsa ndi a Kefasi, inu muime pambali muone. Zotsalazo mudzaweruza nokha, monga zinayenera kukhalira poyamba pomwe. Ndiyankheni, Bambo, ngakhale mzere umodzi.

Ine mwana wanu,
Stefano


Kachebere
30 Novembala 1998

Achimwene,

Sindikudziwa ngati mwalembako, kuno sikunafike kanthu. Khalani pansi muwerenge.

Bambo ku Chipata anapitadi. A Kefasi anawakweza pa njinga mpaka pa boda, zitsulo zili m'thumba pamiyendo pawo. Anatenga chiphaso, anawoloka, anagona kumeneko masiku awiri kudikira mwini makina. A Kefasi akuti munthuyo ataona kukalamba kwa giya ija anati m'chilankhulo cha kumeneko, "Batate, ichi chinthu n'chakudala maningi." Bambo anamuyankha kuti nawonso ndi akudala koma afika okha. Anabwerera mano akuwala ngati ndalama yatsopano.

Sabata yonse anamanga pakhonde. Bambo ankaloza, a Kefasi ankamanga, chifukwa nati iliyonse Bambo akaigwira inkagwera m'fumbi. A Kefasi ankangoitola n'kuipukuta.

Lachinayi pa 19 mvula yoyamba inagwa. Loweruka m'mawa anatulutsa kathirakitala kupita nako ku bwalo la mpira. Anthu anadzaza ngati kuli ukwati, a Goliati, a Veronica, mudzi wonse. A Kefasi anati ayambe ndi iwo kuti amve ngati mabawuti agwira. Anayenda kuchoka pa golo kufika pa golo inzake mowongoka ngati chingwe, anakhota, anabwerera atagwira chiwongolero ndi zala ziwiri. Anthu anawomba m'manja.

Bambo anali atavala ovolosi yawo ya ku mishoni. Ndinawagwira mkono, ndinati, "Bambo, chonde." Anayankha osandiyang'ana, mawu awo oyamba kwa ine m'milungu itatu: "Ndisiye, mayi. Ndikufuna ndimve ndekha."

Anakwera. Poyamba kanayenda bwino. Pakati pa bwalo pali kadzenje kaja. Tayala litagundapo chiwongolero chinagwedezeka, ndipo dzanja lamanja linagwera pa ntchafu ngati nsanza. Ndinaliona, achimwene. Anayesa kulikweza, linakana. Kathirakitala kanayamba kukhotera kumanzere pang'onopang'ono, kanazungulira, anthu akupatuka, kanazunguliranso malo omwewo, Bambo akulimbana ndi dzanja limodzi. Ena anaseka poyesa kuti akuchita dala. Kachitatu anaponda buleki n'kuzimitsa injini.

Anakhala pampandopo nthawi yaitali akuyang'ana dzanja lawo. A Kefasi anayandikira, anati, "Madala, mwina ndamangitsa kwambiri, tikamasule pang'ono." Ankafuna kuwaphimba. Bambo anapukusa mutu, analankhula mokweza kuti aliyense amve: "Usanamizire chitsulo, Kefasi. Chiwongolero chili bwino. Wagwira ntchito." Kenako anati, "Nditsitseni."

Anawatsitsa amuna awiri. Kunyumba anayenda okha, anakana kuwagwira. Chakumadzulo anandiitana kuti ndiwawerengere Salimo. Ndili mkati mowerenga anandidula, anati, "Unali ndi mantha, eti?" Ndinati inde. Anati, "Nanenso. Kuyambira tsiku la kapu lija." Ndinalephera kumaliza Salimolo.

Lachiwiri m'mawa ndinawapeza atagwa pakhomo la bafa. Sitiroko yabweranso, yaikulu ija. Tinawagoneka pa matiresi m'ngolo, a Kefasi anayendetsa mpaka kuchipatala. Tagonako masiku asanu, tatuluka dzulo. Mwendo wamanja ukukwakwaza, dzanja lafa, mawu amamveka ukatchera khutu. A dokotala akuti tiziwawongola ziwalo kunyumba, palibenso china.

Ndimadzifunsa ngati ulendo wa ku Chipata ndiwo wawapweteka, dzuwa lija pa njinga, ndipo ulendowo sakanayenda ndikanapanda kukulemberani. Kenako ndimati chitsulo chikanabwera mu Ogasiti akanagwera pa msewu. Mbali zonse ndikupeza kuti ndalakwa.

Minda ya anthu a Kefasi ayamba kulima, Bambo anawapatsa kiyi ndi dzanja lamanzere. Ine kusukulu ndapempha sabata. Sindikukuuzani kuti bwerani, ndikudziwa mmene zilili. Sindikukuuzaninso kuti musabwere. Ndatopa n'kusankhira anthu.

Mlongo wanu,
Felista


Kachebere
6 Januwale 1999

Mwana wanga Stefano,

Ndalemba ndi dzanja lamanzere. Ndinayamba Lolemba, lero ndi Lachitatu. Felista anati andilembere, ndakana. Nkhani iyi si yake.

Phukusi linafika pa Khirisimasi. Chitsulocho ndi chenicheni. Unayeza bwino. Kefasi wachiika m'mafuta, chidzalowa mano a ku Chipata akadzatha. Kalata yako ndawerenga. Mlandu palibe.

Chimanga chamera. Munda wa a Veronica unalimidwa. Ndimamva injini ikudutsa kuseri, ndimadziwa ndi khutu kuti Kefasi akuchedwa kusintha giya. Ndimakonza zoti ndimuuze. Akafika pakhomo mawu amakhala atathawa.

Tsopano ndili ndi pempho lina. Mlongo wako amandidyetsa, amanditembenuza, amandichapira. Koma kubafa sangalowe nane. Ndi mwana wanga wamkazi. A Goliati amabwera Loweruka kudzandithandiza. Nawonso ndi nkhalamba, tsiku lina tinagwa tonse awiri, tinakhala pansi m'madzimo kudikira wodutsa. Masiku enawo ndimangokhala.

Za mapepala ndikudziwa. Za ntchito ndikudziwa. Ndaganiza mbali zonse, yankho sindikulipeza. Mwina iwe ulipeza. Sindikulamula. Ndikungokuuza kuti bambo wako akufuna kusamba.

Ndine bambo wako,
Lameki